Mwana wanga sadziwa ABC, amakodzabe pogona: kodi watsalira?

Sabata yatha ndinalandira imelo kuchokera kwa mayi wina wa ku Ndirande. Andilola kuti ndiwayankhe pano, poti alipo ambiri amene akusowa tulo ndi nkhani yomweyi. Ndaifupikitsa pang'ono:

"Mwana wanga wamwamuna ali ndi zaka 3 ndi miyezi 8. Mwana wa aneba, wamkazi, anabadwa mwezi umodzi ndi wangayu, koma iye amapita ku nazale yolipira ndipo amatchula ABC mpaka kumapeto, amawerenganso mpaka 20 m'Chingerezi. Wangayu zimenezi sazidziwa n'komwe. Kulankhula amalankhula, koma miyezi iwiri yapitayi wayamba kukakamira pa mawu, amati 'a-a-a-amama'. Usiku amakodzabe pogona. Ndiwo zamasamba amalavula. Bambo ake akuti timulembetse ku nazale ya Chingerezi ndipo pakhomo tisiyiretu kumulankhula Chichewa. Apongozi akuti ndikumulekerera. Kodi mwana wanga watsalira?"

Amayi, zikomo pondikhulupirira ndi nkhawa yanu. Ndiyankhe msanga funso lalikululo kuti mtima ukhale pansi: pa zonse mwalembazi palibe chimene chikundionetsa kuti mwana wanu watsalira. Ndikuona mnyamata wa zaka pafupifupi zinayi amene akuchita zimene anzake ambiri a msinkhu umenewu amachita. Ndikulemba ngati mayi wa ana atatu amene ndinalirapo chifukwa cha mwana wa aneba, choncho ndikudziwa mmene zimapwetekera mukamamva kamtsikanako kakuimba ABC kuseri kwa mpanda pomwe wanu akukumba dothi ndi supuni.

Tiyambe ndi ABC yomweyo. Mwana wa zaka zitatu akamatchula zilembo kuyambira A mpaka Z, kwa iye ndi nyimbo, ngati nyimbo ina iliyonse ya ku Sande sukulu. N'zabwino, zikusonyeza kuti makutu ndi mutu wake zikugwira. Koma kuimba nambala n'kwina, kudziwa nambala n'kwinanso. Mzime wanga ali ndi zaka zinayi ankabwera kuchokera ku nazale ina akuimba mpaka 50, ine n'kumanyada pamaso pa alendo. Tsiku lina ndinamupatsa mandasi anayi kuti agawane mofanana ndi msuweni wake. Anaima, n'kuyang'ana mbale, n'kuyang'ana ine, kenaka anapereka limodzi n'kusunga atatu, osati chifukwa cha umbombo ayi, anali asakudziwa ndithu. Pamene chisamba changa, amene pa msinkhu womwewo ankakhala ndi agogo ake kumudzi ndipo sanapondeko ku nazale, madzulo aliwonse ankaima pakhomo la khola nkhuku zikamalowa, ndipo ikasowa imodzi ndi iye amene ankayamba kufuula kuti yamawangamawanga sinabwere. Onse awiri lero akuchita bwino kusukulu. Koma amene ankadziwa masamu pa zaka zinayi anali wa nkhuku uja.

Inu yesani chonchi mawa mukamaphika. Muuzeni kuti, "Tanditengera tomato mutatu m'basiketimo." Akabweretsa mutatu, kapena akabweretsa muwiri n'kubwereranso kukatenga wina, mwanayo ali panjira yabwino. Akabweretsa wodzaza manja, musakhumudwe, muwerengereni limodzi uku mukuloza ndi chala. Ambiri amazigwira zimenezi chapakati pa zaka zitatu ndi theka ndi zinayi ndi theka.

Mwina zikuthandizani kudziwa kuti akatswiri akamayesa kakulidwe ka mwana wa msinkhu uwu safunsa za ABC. Kuno kwathu tili ndi muyeso wathuwathu, Malawi Developmental Assessment Tool, umene ofufuza a ku College of Medicine ku Blantyre pamodzi ndi anzawo a ku Liverpool anausindikiza m'chaka cha 2010, ataona kuti miyeso yochokera kunja inkafunsa ana za zinthu zimene ambiri a kuno sazigwiritsa ntchito. Muyesowu umayang'ana mbali zinayi: mmene mwana akugwiritsira ntchito thupi lonse, mmene akugwiritsira ntchito manja ndi zala, chilankhulo, ndi mmene akukhalira ndi anthu. Ndiye muyang'aneni mwana wanu ndi maso amenewo. Kodi amathamanga, kudumpha ngalande yaing'ono, kuima ndi mwendo umodzi kwa kanthawi? Mukamuponyera mpira wachikulunga amauwakha? Mukajambula chozungulira pansi amatha kutengera? Akajambula munthu pamakhala mutu ndi miyendo, ngakhale miyendoyo itamera pachibwano? Amavula yekha kabudula? Amalumikiza mawu anayi kapena kuposera, n'kukuuzani zimene zachitika masana, monga kuti galu wa kwa aneba anathamangitsa mbuzi? Mlendo amamva zambiri zimene iye akunena? Ndipo chachikulu kwa ine: amasewera masanje ndi anzake, kukhala dalaivala wa minibasi pa benchi, kuitanira "Limbe! Limbe!", kulipiritsa masamba a mango ngati ndalama? Mwana amene akuchita zimenezi mutu wake ukugwira ntchito yaikulu kuposa kuloweza zilembo 26, chifukwa akupanga chinthu china kuimira china, ndipo kuwerenga kumadzayambira pomwepo.

Za chibwibwi. Chimayamba kawirikawiri pakati pa zaka 2 ndi 5, nthawi imene mawu akuchuluka m'mutu kuposa mmene lilime lingathamangire. Pa ana 100 aliwonse, pafupifupi asanu amadutsamo, ndipo mwa amenewa atatu pa anayi alionse chimawathera chokha. Chimene chimachikulitsa ndi mantha. Choncho musamuuze kuti "lankhula bwino" kapena "puma kaye", musamumalizire mawu, ndipo musayang'ane kumbali ngati mwatopa kudikira. Gwadani kuti maso anu alingane ndi ake, mumvetsere mpaka amalize, kenaka muyankhe zimene wanenazo, osati mmene wazinenera. Inuyo muzilankhula naye mofatsa, iye atengera yekha liwiro lanu. Ana okulirapo a pamalopo muwaletse kumuyeseza, ndipo apa musachite manyazi ngakhale ali ana a eni nyumba. Chibwibwicho chikapitirira miyezi 6, kapena mukaona akukwinya nkhope ndi kuphethira mwamphamvu pofuna kutulutsa mawu, kapena wayamba kupewa kulankhula, kapenanso ngati kubanja kwanu kapena kwa bambo ake kuli wachibwibwi wamkulu, pitani naye kuchipatala mukafotokoze.

Tsopano nkhani imene yandikhudza kwambiri m'kalata yanu, ya kusiya Chichewa pakhomo. Bambo a mwana ndikuwamvetsa. Akuona mmene Chingerezi chimatsegulira zitseko m'dziko muno, mayeso ambiri ndi a m'Chingerezi, ntchito za mu ofesi chimodzimodzi, ndipo akufuna mwana wawo asadzavutike. Mtima wawo uli pabwino. Koma njirayo sindikugwirizana nayo, ndipo ndikupemphani kuti mukambirane nawo modekha musanayambe.

Taganizirani mmene mumalankhulira ndi mwana tsiku lonse m'Chichewa. Mumamunyengerera, mumamuseka, mumamufotokozera chifukwa chake mbaula ndi yoopsa, mumamuuza kuti mvula ikubwera chifukwa mitambo yada cha ku phiri la Ndirande, mumamuimbira, mumamutchula maina achibwana amene palibe wina amawadziwa. Mukasintha lero kuti zonse zikhale m'Chingerezi, ambirife timatsala ndi mawu olamula okhaokha: bwera, khala pansi, siya, idya. Ndinazionera pakhomo pa m'bale wanga. Mwana anakula akumva mawu ochepa kuposa amene akanamva, Chingerezi chake chinali chosweka, Chichewa chake chosweka, ndipo atapita kumudzi pamaliro ankangoyang'ana agogo ake ngati mlendo, agogowo misozi ili m'maso. Mwana wa msinkhu uwu amafunika chilankhulo chochuluka, chakuya, chochokera kwa munthu amene amamukonda. Amene wadziwa kufotokoza nkhani mwadongosolo m'Chichewa, kufunsa, kutsutsa, kuyerekeza, luso limenelo amalisamutsira ku Chingerezi akachipeza. Ndipo zinenero ziwiri sizisokoneza mwana. Ana a ku Mangochi amakula ndi Chiyao ndi Chichewa, a ku Mzuzu ndi Chitumbuka ndi Chichewa, ndipo palibe amawadabwa. Akasakaniza mawu m'chiganizo chimodzi si vuto, ngakhale ife akuluakulu timatero.

Komanso kumbukirani kuti mwanayu ali pakati pa chibwibwi. Kumulanda chinenero chimene wachizolowera pa nthawi ngati ino ndi kumusenzetsa katundu wina pamwamba pa amene akulimbana naye kale.

Bambo ake apatseni gawo lawo. Iwo azimuimbira nyimbo za Chingerezi, azimuonetsa zithunzi m'buku n'kumatchula maina m'zinenero zonse ziwiri, mphindi khumi madzulo akaweruka. Mabuku a ana akaunjika amapezeka otchipa, ngakhale kalendala yakale yokhala ndi zithunzi imagwira ntchito. Inu pitirizani Chichewa chanu chonse osachepetsako. Ndipo apongozi, m'malo mokangana nawo za kulekerera, apempheni ntchito imene palibe angaigwire kuposa iwo: nthano. Akati "Padangotero", mwana n'kuyankha "Tili tonse", akuphunzira kudikira nthawi yake, kutsatira nkhani kuyambira pachiyambi mpaka pamapeto, ndi kukumbukira zimene Kalulu anachita dzulo. Aphunzitsi a Sitandade 1 amalakalaka ana otere.

Nanga ku nazale apite? Ngati mungathe, inde, makamaka chifukwa cha anzake. Mwana wa zaka zinayi amafunika kuphunzira kubwerekana chidole, kuima pamzere, kumvera munthu wamkulu amene si mayi ake. Koma musasankhe potengera chikwangwani kapena yunifolomu. Pitani nokha cha m'ma 10 koloko m'mawa osawauziratu. Muone ngati ana akusewera panja kapena angokhala pa mabenchi kubwereza mawu a aphunzitsi. Muone chimbudzi, muone ngati pali madzi ndi sopo osambira m'manja, muwerenge ana amene mlezi mmodzi akuyang'anira, ndipo muyang'ane ngati pakona pali kandodo. Mukamva kuti ana a zaka zitatu amapatsidwa homuweki yolemba zilembo tsamba lonse, ganizirani kawiri, chifukwa zala za mwana wotere sizinakhwime kugwira pensulo nthawi yaitali, ndipo ambiri amayamba kudana ndi kope asanadziwe ntchito yake. Musanyozenso sukulu za mmera mpoyamba zimene zimayendetsedwa ndi anthu a m'dera, zambiri m'matchalitchi ndi m'mizikiti, pansi pa unduna woona za jenda ndi ana. Zina ndi zosowa zipangizo, koma ndaonapo alezi ongodzipereka amene amaimba ndi kusewera ndi ana mwa mtima wonse kuposa a malo ena olipira ndalama zambiri. Sitandade 1 amayamba ali ndi zaka 6. Mwana wanu akadali ndi zaka ziwiri ndi miyezi ingapo, nthawi ilipo yambiri.

Pakadali pano zala zake zikhwimire pakhomo. Azikuthandizani kusenda nandolo ndi mtedza, kutongola chimanga, kusankha nyemba, kutunga zitsekerero za mabotolo pa ulusi, kuumba ng'ombe zadothi, kulemba pansi ndi kamtengo. Adetsa zovala, inde. Muchapa.

Nkhani yokodza pogona ndiyankhula ndi mtima wolemera, chifukwa apa ndinalakwitsapo. Mwana wanga wachiwiri ankakodza mpaka zaka 6. Ndinali wotopa, nthawi yamvula mabulangete osauma, nyumba yonse fungo, ndipo m'mawa wina ndinamukwapula, n'kumuuza kuti akayanike yekha mphasa yake anzake akuona. Usiku wotsatira ndinadzidzimuka pakati pa usiku n'kumupeza atakhala tsonga pakona, maso ali psuu, akuopa kugona kuti angakodze. Anali ndi zaka zinayi. Mpaka lero ndikakumbukira nkhope imeneyo mtima umandipweteka. Sanasiye kukodza chifukwa cha chikwapu changa, anasiya thupi lake litakonzeka.

Mwana sakodza dala. Ali m'tulo tofa nato, chikhodzodzo chake n'chaching'ono, ndipo uthenga woti chadzaza sunayambe kumudzutsa. Pa ana 100 a zaka 5, pafupifupi 15 amakodzabe usiku, anyamata kuposa atsikana, ndipo zimayenda m'magazi. Mutafunsa apongozi mwaulemu kuti bambo a mwanayu anasiya liti, mwina mudabwa ndi yankho lake. Pa zaka 3 ndi miyezi 8 palibe choti muchize. Yalani pulasitiki pansi pa chitenje chakale kuti kuchapa kuchepe. Azimwa madzi okwanira masana, koma tiyi ndi Sobo wamadzulo muchepetse. Akodze asanagone. Ngati chimbudzi chili panja, muikireni kachidebe pafupi ndi pogona ndi katochi, chifukwa ana ena amadzuka ndithu koma amaopa mdima. Muonetsetsenso kuti sakudzimbidwa, poti chimbudzi chouma chimapanikiza chikhodzodzo. Akadzuka pouma muyamikireni, akadzuka ponyowa musinthe zofunda osanena zambiri, ndipo nkhaniyi isakambidwe pamaso pa alendo. Muthamangire kuchipatala pokhapokha mukaona magazi m'mkodzo, makamaka ngati anasambako kunyanja kapena amasewera m'madzi oima a m'dambo, chifukwa amenewo akhoza kukhala likodzo. Chimodzimodzinso ngati akulira pokodza. Kapena ngati anali atasiya kwa miyezi yambiri n'kuyambiranso, uku akumwa madzi modabwitsa ndi kuonda, pamenepo akamuyeze shuga.

Za masamba olavulawo. Nkhawa yanu si yachabe, chifukwa kafukufuku wa dziko lonse wa 2015 mpaka 2016 anapeza kuti ana 37 pa 100 aliwonse osakwana zaka 5 m'Malawi muno anali opinimbira. Koma dziwaninso kuti pa msinkhu uwu mwana sakulanso mothamanga ngati khanda, amangoonjezera makilogalamu awiri kapena kuposera pang'ono pachaka, ndiye njala yake imachepa ndipo amayamba kusankha. Mupatseni mbale yakeyake kuti muziona zimene wadya. Chisoso kapena bonongwe wotendera nsinjiro amalowa msanga kuposa wamadzi. M'phala la m'mawa thirani nsinjiro, kapena ufa wa soya, kapena bonya wosinja. Dzira, mbatata yofiira m'kati, nthochi, papaya, zonsezi zikuwerengedwa pa magulu 6 a zakudya aja amatiphunzitsa kusikelo, ndipo simukuyenera kuwakwaniritsa pa mbale imodzi, bola tsiku lonse. Masambawo muziikabe pang'ono pambali tsiku ndi tsiku osakakamiza, inu muzidya akuona. Mwana amatha kukana chakudya kakhumi n'kudzachilandira ulendo wotsatira. Chimene ndingakuletseni ndi Kamba ndi mafilizesi nthawi ya nsima itayandikira, zimenezo zimatseka m'mimba popanda kumanga thupi.

Ndipo kusikelo musasiye. Ambirife katemera akangotha timaika buku la kuchipatala pansi pa sutikesi, chonsecho sikelo ndi mpaka zaka 5. Kumeneko ndi kumene amalandira vitamini A miyezi 6 iliyonse ndi mankhwala a njoka za m'mimba, ndipo mzere wa kulemera kwake m'bukumo ndi umene ungakuuzeni zoona ngati akudya mokwanira. Ukamakwera, lavulani nkhawa ngati mmene iye akulavulira mpiru.

Simunatchule za foni, koma ndinenepo pang'ono poti imalowa pa nkhani ya kulankhula. Malangizo a 2019 a WHO, bungwe loona za umoyo padziko lonse, amati mwana wa zaka 3 mpaka 4 asapitirire ola limodzi patsiku akuonera foni kapena TV, azigona maola 10 mpaka 13 kuphatikizapo tulo ta masana, ndipo azisewera moyendayenda maola atatu. Makatuni a Chingerezi samuyankha mwana akafunsa. Inu mumamuyankha.

Apongozi akamati mukumulekerera, mwina akuona kuvuta kwa msinkhu uwu: kudzigwetsa pansi pagolosale, kukana kusamba, "ayi" pa chilichonse, ndi "chifukwa chiyani" kuyambira m'mawa mpaka dzuwa kulowa. Kumumvetsera mwana si kumulekerera. Kulekerera ndi kunena kuti ayi kenaka n'kusintha chifukwa walira. Sankhani malamulo ochepa amene simudzasunthapo, monga kusayandikira mbaula ndi madzi otentha, kusatulukira kumsewu yekha, kusamenya anzake, ndipo pa amenewo mukhale olimba tsiku lililonse, mofatsa. Zina zonse, monga kuvala malaya chotembenuza, zisiyeni zipite. Parafini ndi mankhwala musasunge m'mabotolo a zakumwa, ndipo ndowa za madzi muzivundikira, chifukwa pa msinkhu uwu manja amafika paliponse.

Pali zizindikiro zingapo zimene ndikanakuuzani kuti musadikire nazo, ndipo ndizitchula chifukwa cha amayi ena amene akuwerenga. Mwana amene wasiya mawu kapena luso limene anali nalo kale. Amene pa zaka zitatu salumikiza mawu kukhala chiganizo. Amene satembenuka mukamuitana kumbuyo, kapena amatuluka mafinya m'khutu kawirikawiri. Amene sayang'ana anthu m'maso ndipo alibe chidwi ndi ana anzake. Amene anadwalapo malungo aakulu mpaka kukomoka ndipo kuchokera pamenepo wasintha. Wotere yambani naye kwa alangizi a zaumoyo kapena kuchipatala chaching'ono cha m'dera lanu, ndipo mupemphe kuti amuyeze makutu. Kwa inu a ku Blantyre, ku Queen Elizabeth kuli kiliniki yoyeza kamvedwe, ndipo a ku Lilongwe ilipo ya ku African Bible College. Ana ena amene amatchedwa osamva kapena ogona m'mutu vuto lawo limakhala khutu, ndipo likadziwika msanga thandizo limakhalapo.

Chomaliza ndikupempheni ichi. Usiku uno tengani kope, mulembe deti, kenaka mulembe zimene mwana wanu amatha lero: chiganizo chachitali chimene mwamumva akunena, tomato angati amabweretsa molondola, masiku angati pa sabata amadzuka pouma. Mumupatse pensulo ajambule munthu patsamba lomwelo, inu osamuthandiza. Kopelo mulisunge pamodzi ndi buku lake la kusikelo. Pakatha miyezi itatu muchitenso chimodzimodzi patsamba lotsatira, ndipo mundilembere, mundiuze kuti chibwibwi chafika pati, bambo ake anati chiyani za Chichewa, ndiponso ngati kamunthu kojambulidwako kamera manja.